Kodi "amymon" amatanthauzadi "wopanda cholakwa"?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Mu Odyssey, ndakatulo yakale ya Chigiriki ya mlakatuli Homer, buku 1 mzere 29, Zeus, mfumu ya milungu, akukumbukira Aigisthos ndipo Homer akumutcha Aigisthosyo "amymon". Omasulira ambiri amati "wopanda cholakwa". Koma Aigisthos ameneyu ndi amene anatenga mkazi wa mfumu Agamemnon n'kupha mwini wake atabwerako ku nkhondo ya ku Troy. Wakupha angakhale bwanji wopanda cholakwa?

Chisale: Mayi Nabanda, yambani ndi kayimbidwe. Mzere uliwonse wa Homer uli ndi zigawo 6, ndipo chigawo chimakhala ndi phatikizo lalitali limodzi ndi aafupi awiri, kapena aatali awiri. Woyimba ankapeka pamaso pa anthu, choncho ankasunga m'mutu dzina lililonse lili ndi mawu otamanda a utali wosiyanasiyana. Mwachitsanzo, pa ngwazi Odysseus, zikatsala zigawo 2 amati "dios Odysseus", wolemekezeka. Malo akakulirapo amati "polymetis Odysseus", wanzeru zambiri. Akatsala pafupifupi theka la mzere, "polytlas dios Odysseus", wopirira zambiri. Ngwazi ina, Achilleus, nayonso ili ndi atatu okwanira malo omwewo: "dios", "podas okys" (wa liwiro) ndi "podarkes dios". N'chifukwa chake amatchedwa wa liwiro ngakhale atakhala pansi akungoyankhula. Izi anazionetsa katswiri wa za Homer, Milman Parry, mu 1928 ku Paris, kenako anapita ku Yugoslavia pakati pa 1933 ndi 1935 kukajambula oyimba osadziwa kulemba amene ankapeka motero. Pa mzere 29, mawu akuti "amymonos Aigisthoio" ("amymon" ndi dzina la Aigisthos) amatseka mzere bwinobwino.

Nabanda: Ndiye kuti mawuwo ndi ongodzazira malo, a Chisale?

Mbewe: Pamenepo ine ndikukana. Kayimbidwe kamatiuza chifukwa chake mawu aikidwa pamalo akutiakuti, koma tanthauzo lake ndi nkhani ina. Agiriki amene anadza pambuyo pa Homer, amene Chigiriki cha Homer chinali kale chachikale kwa iwo, anaganiza kuti "amymon" amachokera ku "a" wokana ndi "momos", chitonzo. Omasulira anangotsatira. Koma onani kumene mawuwa amagwiritsidwa ntchito: pa mafumu, pa akazi, pa nyumba, pa chilumba, ngakhale pa gule. Chilumba sichingalakwe kapena kusalakwa. Anne Amory Parry, m'buku lake la 1973 lofufuza mawu amenewa, anayang'ana malo onse n'kupeza kuti amanena za kuoneka bwino, kukongola kwa thupi. Aigisthos anali wa banja lachifumu, mwana wa Thyestes, ndipo mawuwo amanena za maonekedwe ndi ulemu wake, osati za mtima. Zili ngati phungu amene timamutchabe "Olemekezeka" tikumudzudzula.

Chisale: Ndagwirizana nanu, a Mbewe. Womasulira akalemba "wopanda cholakwa", wowerenga amaganiza kuti Homer akunyoza mochenjera, kapena kuti Zeus akuikira kumbuyo chigawenga. Pomwe m'mizere yotsatira Zeus yemweyo akunena kuti anatuma Hermes, mthenga wa milungu, kukamuchenjeza Aigisthos kuti asaphe Agamemnon, iye sanamve. Mayi Nabanda, pa mzere 29 lembani "wooneka bwino" kapena "wolemekezeka".