Mwana wathu wayamba phala

Ndinafunsa kale ngati ndingayambe kumupatsa phala mwana wanga ali ndi miyezi 4, popeza apongozi anga kuno ku Angónia ankati kulira kwake kwa usiku ndi njala. Ambiri munandilangiza kuti ndidikire, ndipo anamwino kusikelo ku Ulongwe ananenanso zomwezo, kuti bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, osapereka ngakhale madzi.

Tsopano wakwanitsa miyeziyo, amakhala tsonga akamugwirira, ndipo tayamba. Ndimaphika phala la mgaiwa lolimbirako, losayenderera pa supuni, chifukwa lamadzimadzi limangodzaza mimba koma mphamvu zake n'zochepa. Ndimathiramo nsinjiro zosefa bwino, ndipo tsiku lina dzira lopsa kapena dzungu lopota. Timamupatsa masupuni 2 kapena 3, kawiri pa tsiku, kwinaku akuyamwabe, ndipo ndikufuna ayamwe mpaka zaka 2. Poyamba ankalavula n'kukwinya nkhope, koma pano amatsegula yekha kukamwa akangoona kambale kake. Uchi sitikumupatsa, pakuti suyenera mwana wosakwana chaka.

Chimene ndikufunsabe n'chakuti, kodi usipa wosinja ndizithira wochuluka bwanji m'phalamo?