Trout zikudya pamaso panga, koma nyambo yanga zikungoinunkhiza

Kamtsinje:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndakhala ndikuwedza ndi nyongolotsi kuyambira ndili mwana, moti pa nkhani ya mbedza sindinkadziyesa mbuli. Chaka chino alamu anga andisiyira ndodo yawo yowedzera nsomba za trout, yotalika mafiti 9, chingwe cha nambala 5, ndi kabokosi ka tinyambo ta nthenga tija amati fly. Ndapita kumtsinje wa m'phiri katatu, ndabwerako chimanjamanja katatu konse.

Mtsinjewo ndi waung'ono, mukhoza kuwoloka ndi mapazi asanu, madzi ake oyera mbee, miyala yapansi kuchita kuwerengeka. Pali malo ena pamene madzi amatsika pathanthwe lofika m'chiuno n'kupanga dziwe lalitali ngati basi. M'dziwemo muli trout zitatu, ndaziona ndi maso angawa, ina yaikulu ngati kuchoka pachigongono kufika kunsonga za zala. Ndimafika cha m'ma 11 koloko, n'kukwera pathanthwe lija kuti ndiziziona bwino, n'kuyamba kuponya kumunsi. Ulendo woyamba zinkadya tizilombo pamwamba pa madzi, timizere tozungulira tikungooneka apa ndi apo. Nditaponya, ina inabwera mpaka pafupi ndi nyambo, n'kuima, n'kutembenuka ngati munthu amene wakumbukira kuti waiwala chinthu kunyumba. Nditaponya kachisanu dziwe lonse linangoti zii.

Lamulungu lapitali ndinasintha tinyambo kasanu ndi kanayi. Tinayi tinatsalira mumtengo wa kumbuyo kwanga, tili komweko mpaka lero. Funso langa ndi ili: ndigule fly yamtundu wanji imene trout sizikana?

MadalaAkuphiri:

Achimwene, ndalama zanu sungani kaye. Vuto lanu silili m'kabokosi ayi, lili pathanthwe pamene mukuimapo.

Trout ikakhala m'madzi oyenda imayang'ana kumtunda, chifukwa chakudya chimabwera ndi madzi kuchokera kumeneko. Ndiye inu mwakaima kumutu kwa dziwe, pamalo okwera, dzuwa lili paliwombo, mukugwedeza ndodo ya mafiti 9 m'mwamba. Mwaima penipeni pamene nsomba zonse zitatu zikuyang'ana. Paja mwati mumakwera pamenepo kuti muzizipenya bwino? Nazonso zikukupenyani bwino chimodzimodzi.

Nsomba ikayang'ana kumwamba siona dziko lonse lakunja monga timaonera ife. Kuwala kumapindika polowa m'madzi, ndiye zonse zakunja zimaonekera pa kabwalo kozungulira kamene kali pamwamba pa mutu wake, kotambasuka pafupifupi madigiri 97. Nsomba ikakhala pakuya kwa theka la mita, kabwaloko kamaposa mita imodzi pang'ono m'mimba mwake. Chinthu chachitali chimaoneka bwino pa kabwalo kameneka, pomwe chinthu chofupika, chimene chili pafupi ndi nthaka, chimafinyikira m'mphepete n'kusokonekera ndi tchire. N'chifukwa chake ife achikulire mumationa tikugwada m'mphepete mwa mtsinje ngakhale mawondo akulira.

Chitani izi. Zungulirani patali ndi gombe, mukatsikire kumchira kwa dziwe, muzikwera mtsinje nsomba zitakupatsani msana. Pondani mofatsa, chifukwa m'nthiti mwa nsomba muli mzere umene imamvera kugwedezeka kwa madzi, mwala ukagubuduka pansi pa phazi lanu uthenga wafika kale. Mukafika, khalani pansi osaponya kanthu kwa mphindi khumi. Mungoyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzaona kuti nsomba iliyonse ili ndi malo ake, ndipo kawirikawiri yaikulu ndi imene imalanda malo abwino, pamene madzi othamanga amakumana ndi odekha. Yambani ndi imene ili pafupi nanu, chifukwa mukaponyera yakutsogolo chingwe chigwera pamsana pa yakumbuyoyo, ithawira kumtunda n'kukaopseza zinzake.

Komanso mutiuze, mumavala malaya amtundu wanji popita kumeneko?

Kamtsinje:

Oyera, madala. Ndi chipewa choyeranso. Musandiseke.

MayiWaNthenga:

Bambo, zimene anena madalawa ndi zoona, koma ine pandikhudza ndi pena. Mwati nsomba inabwera mpaka pa nyambo kenako n'kubwerera. Ikanakhala kuti yachita mantha ndi inu sikanabwera n'komwe. Imene ija inabwera ndi njala, n'kupeza chinachake chosalongosoka.

Kachilombo kenikeni kakagwera pamadzi kamangotengedwa, kuyenda liwiro limodzi ndi thovu limene lili pambali pake. Nyambo yanu ili ndi chingwe kumbuyo, ndipo chingwecho chagona pamadzi oyenda mosiyanasiyana, pena othamanga pena odekha. Madzi othamanga akakoka pakati pa chingwe, nyambo imayamba kutsetsereka chopingasa n'kumasiya kamzere kumbuyo kwake. Nthawi zina kukokako kumachepa kwambiri moti inu simungakuone muli pagombe, koma nsomba imene yakhala ikuona tizilombo tikudutsa tsiku lonse imadziwa. Mukadzapitanso, maso anu asakhale pa nsomba. Sankhani kathovu kamodzi kamene kali pafupi ndi nyambo, muone ngati zikuyendera limodzi. Zikasiyana, mwalephera kale, nyamulani mwakachetechete muponyenso. Mankhwala ake pamtsinje waung'ono ndi osavuta: yandikirani, ponyani pafupi, kwezani nsonga ya ndodo kuti chingwe chokhuthala chija chisagone pamadzi.

Chachiwiri. Mwasintha nyambo kasanu ndi kanayi tsiku limodzi, ndipo nthawi iliyonse mumadula ulusi woonekera mkati uja wa kumapeto. Ulusi umenewo, leader, sufanana ponseponse. Umayamba wokhuthala n'kumka nuwonda, ndipo watsopano nthawi zambiri umakhala mafiti 9. Ndikukayika ngati wanu watsala ndi mafiti 6, ndipo mukumangirira kanyambo kakang'ono ku ulusi wouma gwa ngati waya. Kanyambo kotero sikangayandame momasuka. Pezani kaulusi kolumikiza kumapeto kotchedwa tippet, ka 5X. Nambala ikamakula ulusi umawonda: 3X ndi pafupifupi mamilimita 0.20, pomwe 5X ndi 0.15. Ambiri timangogawa nambala ya mbedza ndi 3, ndiye mbedza ya nambala 14 kapena 16 imayenda ndi 5X. Lumikizani kotalika ngati mkono wanu wonse, muzidula kameneko.

Koma chimene ndimakonda ine, ndipo pano madala aja tisiyana, ndi kuwedza pansi pa madzi. Chakudya chambiri cha trout chili pansi, pamwamba chimangobwera pa nthawi yake. Lowani pamalo osaya pamene madzi akuthamanga, tolani mwala waukulu ngati chibakera, muutembenuze. Mupeza tizilombo tabulauni tophwatalala, ta timichira titatu, tikuthawa kuwala. Amenewo ndi ana a mayfly, amakhala m'madzi miyezi yambiri, ena mpaka chaka, koma akamera mapiko n'kutuluka amangokhala tsiku limodzi kapena awiri, alibe ndi pakamwa podyera pomwe. Mupezanso timachubu tomangidwa ndi mchenga kapena tizitsotso, tomata pamwala. Mukang'amba kamodzi mupeza kamphutsi, mwana wa caddis, amene amadzimangira yekha kanyumbako. Ndikayamba kutembenuza miyala ndimatha kuiwala kuti ndabwerera nsomba, mwamuna wanga amachita kundiitana.

M'kabokosi ka alamu anuwo yang'anani kanyambo kowonda kabulauni, kopanda mapiko, kooneka ngati kosamaliza kumanga. Ngati kalipo ndi Pheasant Tail. Anakapanga ndi Frank Sawyer, amene ankayang'anira mtsinje wa Avon ku England, ndipo iye ankangogwiritsa ntchito zinthu ziwiri: tinthenga ta kumchira kwa mbalame ya pheasant ndi kawaya kakopa kuti kazimira. Kaponyeni kumtunda kwa nsomba, kamire, kabwere ndi madzi. Mukaona ulusi waima mwadzidzidzi, kapena nsomba yasunthira pambali n'kuonetsa kuyera kwa m'kamwa, kwezani ndodo.

Chubwi:

Inu a Kamtsinje, tinyambo tinayi mumtengo umodzi? Mtengowo muuuze ukubwezereni.

Vuto ndi loti mukuponya monga amachitira anthu a m'mavidiyo a pa YouTube, chingwe chikuuluka kumbuyo ndi kutsogolo pamtsinje waukulu wopanda mtengo ndi umodzi womwe. Pa uwedzi uwu cholemera ndi chingwe, nyamboyo ilibe kulemera kulikonse. Nambala 5 ija ikutanthauza kuti mafiti 30 oyambirira a chingwe amalemera pafupifupi magalamu 9, ndipo kulemera kumeneko ndi kumene kumapinda ndodo. Koma pamtsinje wa mapazi asanu mafiti 30 mukawaponya kuti? Phunzirani kuponya kosapititsa chingwe kumbuyo. Chisiyeni chigone pamadzi patsogolo panu, kwezani ndodo pang'onopang'ono mpaka ipitirire khutu, chingwe chilendewere kumbuyo kwa phewa ngati uta, kenako kankhirani kutsogolo mwamphamvu. Chimagubuduka chokha pamwamba pa madzi. Amati roll cast.

Kuwedza ndi chingwe chachifupi si zachilendo. Cha m'ma 200 AD, Mroma wina dzina lake Aelian analemba za anthu a ku Macedonia amene ankakulunga ubweya wofiira pambedza n'kumangirirapo nthenga ziwiri za tambala. Ndodo yawo inali mafiti 6, chingwe chimodzimodzi. Analibe kabokosi, koma nsomba ankakola.

Pamene ndikutsutsana ndi akuluakulu awiriwa ndi apa: musamuuze munthu ngati kuti mtundu wa nyambo ulibe ntchito. Kukula kwake kuli ndi ntchito kwambiri. Nsomba zikamadya tizilombo tating'ono ngati njere ya mpunga, inu n'kuziponyera chinthenga chachikulu ngati dzombe, zikana ngakhale mugwade mpaka mawondo anyuke.

Chinanso ndi nthawi. 11 koloko dzuwa likuswa mtengo? Trout ndi nsomba ya madzi ozizira. Imadya bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 10 ndi 16 a Celsius, ndipo akapitirira 20 imavutika, chifukwa madzi akamafunda mpweya wopuma umachepamo. Pa madigiri 10 lita imodzi imasunga pafupifupi mamiligalamu 11 a okosijeni, pa 20 imasunga 9, ndipo m'mapiri ataliatali amacheperanso. Ngati ndi nyengo yotentha lawirirani m'mamawa kapena dikirani dzuwa lipendeke. Nyengo yozizira masana ali bwino.

MadalaAkuphiri:

Mwanawe, za kukula kwa nyambo sindikukana. Koma munthu wovala zoyera ataima pathanthwe, ngakhale umupatse kachilombo kamoyo, abwerako chimanjamanja. Ayambe watsika kaye.

Ndiwonjezepo chimodzi, achimwene, poti tsiku lina idzakola. Kamnga kaja kakumbedza kafinyeni ndi pulayala musanayambe, mbedza imatuluka msanga mkamwa mwa nsomba, ndiponso m'khutu mwanu ikakukolani, ine zinandionekerapo. Ngati mukuibweza m'madzi, nyowetsani manja musanaigwire kuti musachotse choterera cha pakhungu pake, chimaiteteza ku matenda. Osaifinya pamimba, osaigoneka pamchenga. Igwireni m'madzi mutu utaloza kumtunda mpaka ichoke yokha. Malamulo a mtsinje umene mukupitawo muwafunse, mitsinje yambiri ya trout imafuna chilolezo ndipo ili ndi miyezi yotseka nsomba zikamaswana.

Kamtsinje:

Ndabwera kudzapereka lipoti. Mayi, munalosera: nditayeza leader ija inali mafiti 5 ndi theka, kumapeto kwake kokhuthala moti ndikudabwa kuti ndinkailowetsa bwanji pa diso la mbedza. Ndinalumikiza 5X.

Dzulo ndinafika dzuwa lisanatuluke m'phiri, nditavala juzi yakale yobiriwira. Ndinazungulira kutchire, minga inandilandira bwino, n'kukatulukira kumchira kwa dziwe. Ndinakhala pamwala mphindi khumi zija, ndipo ndinaona chinthu chimene maulendo atatu onse sindinachione: nsomba si zitatu, ndi zisanu. Ziwiri zimakhala kumchira kwenikweni, pamadzi osafika ndi m'mawondo momwe, pamene kale ndinkadutsa ndi nsapato chubwi chubwi popita kuthanthwe langa lija.

Pamwamba panalibe chodya, ndiye ndinatembenuza miyala. Timachubu ta mchenga ndinatipeza tambiri, ta michira itatu tiwiri tokha. Kanyambo kabulauni kanalimo m'kabokosi, ndinkakadumpha chifukwa kankaoneka konyozeka. Kuponya koyamba chingwe chinagwa mulu patsogolo panga. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu kanakagwa ngati mita imodzi kumtunda kwa nsomba yapafupi, ndipo ndinaiona ikusunthira kumanzere pang'ono, m'kamwa n'kuyera. Ndinakweza ndodo mochedwa, komabe inakola. Inadumpha kawiri. Inali yaing'ono, kutalika ngati chikhatho ndi theka, ya mzere wofiirira m'nthiti ndi timadontho takuda mpaka kumchira, ndiye ndikuganiza kuti ndi trout ya mtundu wa rainbow. Ndinaibweza monga munanenera madala, ngakhale manja ankanjenjemera.

Yaikulu ija inadya patapita ngati ola, pansi pa thanthwe. Ndinaimva kulemera kwake kamodzi kokha, kenako ndodo inangowongoka. Nditakoka ndinapeza kuti 5X yonse yapita, kumapeto kwa leader kwatsala kopotanapotana ngati mchira wa nkhumba, kusonyeza kuti sunaduke, mfundo yanga ndi imene inamasuka. Ndinamanga monga ndimamangira chingwe cha mbuzi. Ulusi wokhuthala ndi wowonda mumaulumikiza ndi mfundo yanji? Loweruka ndikubwererako.