Thandizeni abale: "a", "an" ndi "the" zandichititsa manyazi pantchito

Moni nonse a pagulu pano, makamaka anzanga amene tili kuno ku Joni. Ndine mayi wa ku Ntcheu, ndakhala kuno zaka 6. Ndimagwira ntchito pa nyumba ina yogona alendo ku Randburg. Ndinayamba ndi kuyala mabedi ndi kuchapa, koma kuyambira February abwana anandiika pa resepushoni. Kulankhula Chingerezi sindivutika, MSCE ndinakhoza. Vuto lili polemba, ndipo tsopano ntchito yanga ndi yolemba tsiku lonse: ma email, WhatsApp, timapepala tosiyira a shifiti ya usiku.

Lachinayi lapitali mlendo wina amatera pa bwalo la ndege la OR Tambo 2 koloko masana. Tili ndi dalaivala wathu wa masiku onse, bambo wachikulire amene amayendetsa galimoto ya pantchito. Ndinawatuma, kenako n'kulembera abwana kuti "I sent a driver to airport." Sipanathe mphindi 5 foni inalira. Abwana ali m'mwamba: dalaivala wake uti, wandilola ndani kuitana munthu wakunja, alipira ndani? Nditafotokoza kuti ndi bambo aja omwe, anangoti, "Then say the driver," n'kudula. Ndinatsala chiimire pa kauntala, foni ili kukhutu, mlendo wina akudikira makiyi patsogolo panga. Madzulo mu taxi ya ku Cosmo City ndinawerenga uthengawo kangapo, osaona pamene ndinalakwa. Kachilembo kamodzi kokha basi?

Pali zinanso. Ku pulayimale anatiuza kuti "an" amatsogolera a, e, i, o, u. Nanga bwanji anthu amati "an hour" koma "a uniform"? Bwanji "the CBD" (pakati pa tauni) koma Sandton alibe "the"? Ntchitoyi ndikuifuna kwambiri, ana anga awiri kumudzi akudalira pomwepa. Amene mukudziwa ndiunikireni, ndipo chonde mufotokoze m'Chichewa.

Mphunzitsi wakale, Yeoville: Mayi, pepani ndi zomwe zinakuonekerani. Ndinaphunzitsa Chingerezi ku sekondale kumudzi ndisanabwere kuno, ndipo ndikuuzeni chinthu chimodzi: nkhaniyi mumaidziwa kale, kungoti mumaidziwa m'Chichewa. Tamverani kusiyana kwa "ndatuma dalaivala wina" ndi "ndatuma dalaivala uja". Woyambayo womvera sakumudziwa, wachiwiriyo nonse mukumudziwa. "Wina" ameneyo ndiye "a", ndipo "uja" ndiye "the". Abwana anu anawerenga kuti mwatuma dalaivala wina, n'chifukwa chake anadzidzimuka.

Onaninso mmene timasimbira nkhani. Timati, "Kunabwera mlendo wina. Mlendoyo anaiwala chikwama. Chikwamacho ndachisunga." Pomutchula koyamba ndi "wina", kachiwiri tamuphatikiza -yo, ndipo chikwama chasanduka chikwamacho. Chingerezi chimayenda njira yomweyo: "A guest came. The guest forgot a bag. I kept the bag." Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikhoza kungoti "ndatuma dalaivala" n'kusiya womvera adziwire yekha, pomwe Chingerezi sichilola. Chinthu chowerengeka chikakhala chimodzi sichiyenda chokha, chimafuna "a", "the", kapena mawu ngati "my" ndi "this" patsogolo. Pamenepa m'pamene "to airport" inalakwika. Inafunika "to the airport", chifukwa inu ndi abwana nonse mumadziwa bwalo lake.

Ndiye musanatumize uthenga, imani pa dzina lililonse mudzifunse: kodi wowerengayu akudziwa kuti ndi uti? Ngati mungaikepo uja, ija, chija kapena -yo m'Chichewa, lembani "the". Zinthu zomwe pamalo panu zilipo chimodzi chokha nazonso zimatenga "the" ngakhale simunazitchulepo: "the gate", "the kitchen", "the manager".

Mnyamata wa pa koleji, Braamfontein: Aphunzitsi anena zoona. Ine ndiyankhe za "an". Amayi, musayang'ane chilembo, mverani khutu. Mu "hour" h samveka, mawu amayamba ndi "awa", ndiye "an hour". Koma "uniform" amayamba ndi "yu", ndiye "a uniform", chimodzimodzi "a university". Pa zidule m'pamene ambiri timagwa: "an SMS" chifukwa timati "es", "an MSCE certificate" chifukwa timati "em", koma "a UIF form". Tchulani mokweza musanalembe.

Bambo wa sikiyuriti, Turffontein: Chemwali musadzivutitse. Ine ndakhala kuno zaka zambiri, ma "the" sindiwerenga ndipo anthu amandimva. Anzathu olankhula Chizulu nawonso chilankhulo chawo chilibe timawu timeneti. Abwana anuwo anangokhala ndi tsiku loipa.

Wofunsa: Achimwene, ndakumvani, ndipo zikomo pondilimbitsa mtima. Pakamwa ndi zoona anthu amamva, chifukwa amaona nkhope ndipo akhoza kufunsanso pomwepo. Koma uthenga wolembedwa umapita wokha. Mlendo ali ku London akufunsa za chipinda sandiona, amangoona zimene ndalemba. Ndipo kunena zoona, abwana sanalakwe kumva mmene anamvera. Ndikufuna ndizidziwe bwinobwino.

Mayi wa mu ofesi, Midrand: Achemwali, za mayina a malo ndi zoloweza pang'onopang'ono, koma zili ndi kanjira kake. Mizinda, madera ndi mayiko ambiri alibe "the": Sandton, Blantyre, Malawi. N'chimodzimodzi Park Station, Lake Malawi, Mount Mulanje. Mitsinje imatenga: "the Limpopo", "the Shire". Misewu ikuluikulu ya manambala nayo, "the N1", ndipo sitima ija timati "the Gautrain". Mayiko ochepa ali nayo, monga "the United States" ndi "the Netherlands". CBD imatenga chifukwa ndi chidule cha mawu wamba, "central business district", ndipo mumzinda aliyense amadziwa kuti ndi iti.

Koma poti muli pa resepushoni, chenjerani kwambiri ndi mawu amene Chingerezi sichiwerenga: "luggage", "information", "advice", "furniture". Awa satenga "a" ndipo sawonjezera s. Ine ndinalembapo "an information" kwa miyezi osadziwa, mpaka mnzanga wa mu ofesi anandikokera pambali. Nenani "some information", "your luggage", kapena "a piece of luggage" mukafuna kuwerenga. Chimene chinandithandiza ine ndi kakope. Email ya mlendo ikabwera yolembedwa bwino, ndinkakopera chiganizo chimodzi n'kudula mzere pansi pa "a" ndi "the" aliyense, kenako n'kudzifunsa chifukwa chake.

Wofunsa: Aphunzitsi, njira ya "uja" ija ndaiyesa lero m'mawa. Giza (thanki yotenthetsera madzi) ya m'chipinda 4 imadontha, ndipo tinali titakambirana kale dzulo, ndiye ndalemba kuti "The geyser in room 4 is still leaking. Can I call a plumber?" Abwana ayankha "Yes" basi, osaimba. Kakope nakonso ndagula, zikomo achemwali a ku Midrand.

Chatsala chimodzi chomwe "uja" sakunditulutsa. Pa chikwangwani chathu analemba kuti "Breakfast is served from 7", popanda chilichonse patsogolo. Koma mlendo wina potuluka anati "The breakfast was lovely." Ndikuganiza kuti woyambayo akunena chakudya cham'mawa cha masiku onse, pomwe mlendoyo amanena chakudya chija anadya iyeyo tsiku limenelo. Kodi ndalondola? Ndipo n'chimodzimodzi ndi "lunch" ndi "supper"? Mawa ndikuyenera kulembera gulu la alendo 12 za nthawi ya chakudya, ndiye ndikudikira yankho lanu.