Baseline ikungonjenjemera chizimireni magetsi, kodi flow cell yada?

analyst_wa_QC:
Anzanga a mu lab ndithandizeni. Lachisanu magetsi anazima run ili pakati, ndiye phosphate buffer (madzi a mchere wa phosphate) anagona mu HPLC yathu (makina olekanitsa ndi kuyeza makemikolo a mu sample) mpaka Lolemba. Pano baseline (mzere wa pa graph womwe umayenera kukhala wowongoka ngati palibe chikuyezedwa) ikungonjenjemera komanso ikukwera pang'onopang'ono, energy ya lamp pa UV detector yatsikanso. Column (kachubu komwe sample imalekanitsidwira) tasintha koma palibe chasintha. Ndi flow cell (kachipinda ka mu detector momwe madzi amadutsa kuwala kwa lamp kukuwaunika) yada kapena lamp yatopa? Kuyitanitsa cell ina kunja zimatenga miyezi ndiye ndikufuna ndiyambe ndayesa kutsuka.

wa_ma_instrument:
Achimwene chonde musathamangire acetonitrile kaye, phosphate sasungunuka mu organic wambiri, mukatero mcherewo uumira pa timagalasi ta quartz tija ndipo timapaipi titsekeka zenizeni. Chotsani column muike union (kolumikizira mapaipi) pamalo pake, kenako pampuni madzi a HPLC grade ofunda pang'ono, 0.5 mL/min kwa ola lathunthu osafulumira ayi, mchere ukachoka ndiye mulowetse isopropanol kuti achotse zamafutamafuta ndi mpweya wotsalira, pomaliza madzi kachiwiri. Diso likhale pa pressure nthawi yonseyi chifukwa isopropanol ngokhuthala amakweza pressure, ndipo cell si column, ena amangopirira 40 bar basi, onani mu manual ya detector yanuyo. Cell ikaphulika muzaona madontho kunsi kwa detector ndiye kuti nkhani yakula.

mayi_wa_chem:
Ine ndingoonjezera, yang'anani kaye mtundu wa noise yo. Ngati ndi tima spike tosongoka tobwera mwadzidzidzi nthawi zambiri ndi thovu la mpweya lomwe lakakamira mu cell, makamaka pampu ikaima choncho mosakonzekera. Pangani purge, degas mobile phase bwinobwino (kuchotsa mpweya mu madzi omwe pampu imayendetsa mu makinawo). Komanso maola a lamp ali pati? Ya deuterium imakhala pafupifupi maola 2000, ngati mwayandikira pamenepo mutsuka mpaka kutopa energy osabwerera.

analyst_wa_QC:
Zikomo amayi, lamp ndi ya chaka chino, sinafike ngakhale theka. Ma spike palibe. Nanga zoti nitric acid amathandiza nzoona?

wa_ma_instrument:
Nzoona koma imeneyo ndi njira yomaliza, madzi ndi isopropanol zikakanika. Anthu amagwiritsa wa 6N (muyezo wa mphamvu ya asidiyo), column ili kunja, ndipo si cell iliyonse imalola asidi ameneyu ndiye manual muwerenge musanayambe. Chachikulu, pampuni madzi okhaokha asidiyo asanalowe komanso atatuluka mpaka pH ya pa waste ibwerere ngati ya madzi, ndipo botolo la waste likhale lina lopanda methanol kapena organic aliyense chifukwa nitric akakumana ndi zimenezo botolo limatentha mpaka kuphulika. Magolovesi ndi magalasi a m'maso muvale. Ndipo madzi a mu botolo la line A mutaye muthire atsopano, madzi okhalitsa amamera ndere ndipo zonsezo zimathera mu cell momwemo.