Kukagona m'galimoto ku Tarpon Springs m'nyengo yozizira

Mayi a ku Ulongwe:
Moni nonse. Mwana wathu amene amagwira ntchito ku Tampa, m'chigawo cha Florida ku America, watiitana ine ndi bambo ake kuti tikacheze m'mwezi wa Januwale, ndipo mkamwini wathu akuti tidzachite hayala galimoto yaikulu yokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa m'kati, imene kumeneko amati RV, kuti tikakhale masiku angapo ku Tarpon Springs, tauni ya m'mbali mwa nyanja imene akuti muli Agiriki ambiri. Kodi munthu angagone m'galimoto nyengo imeneyo osavutika ndi chisanu, nanga usiku imaimikidwa pati?

Bambo a ku Moatize:
Mayi, chisanu chisakudetseni nkhawa, chifukwa ku Florida mu Januwale masana kumafunda kufika cha m'ma digiri 20, usiku n'kutsika cha m'ma 10, ndipo inu ozolowera Juni wa ku Angónia juzi imodzi ikukwanirani. Nyengo ya mphepo zamkuntho imakhalanso itatha pa 30 Novembala. Chovuta ndi malo oimikapo, popeza miyezi imeneyi anthu opuma pa ntchito ochokera kumpoto kwa America ndi ku Canada amathawira kumeneko ndi magalimoto awo, ena n'kukhala nyengo yonse. Galimotoyo siiloledwa kugona paliponse mumsewu. Imafuna malo olipira amene ali ndi polumikiza magetsi, madzi ndi paipi yotayira madzi oipa. Auzeni apongozi anuwo asungitse malo kaye asanalipire galimoto, ndipo achite zimenezo tsopano lino.

Aphunzitsi a ku Tete:
Ndiwonjezereko za tauniyo. Agiriki adabwera chifukwa cha zinkhupule za pansi pa nyanja. Mu 1905 Mgiriki wina dzina lake John Cocoris adabweretsa m'tauniyo njira yotsikira pansi pa madzi munthu atavala chisoti chachitsulo cholandirira mpweya kuchokera m'boti, ndipo adaitanitsa akatswiri a ntchitoyi, ambiri mwa iwo ochokera ku zilumba za Kalymnos, Symi ndi Halki, zimene zili m'gulu la zilumba za ku Greece lotchedwa Dodecanese. N'chifukwa chake msewu wa padoko, m'mbali mwa mtsinje wa Anclote, umatchedwa Dodecanese Boulevard. Matenda a m'nyanja adapha zinkhupule zambiri m'zaka za m'ma 1940 ndipo malonda adalowa pansi, koma maboti alipobe, pamodzi ndi masitolo ndi malo odyera kumene mungalawe zakudya za Chigiriki monga baklava ndi spanakopita. Ngati mudzakhalako pa 6 Januwale, mudzaona chikondwerero cha Epiphany, chokumbukira ubatizo wa Yesu: mapemphero akatha m'tchalitchi cha St. Nicholas, anthu amayenda pa mdipiti kupita ku dziwe la Spring Bayou, mkulu wa mpingo amaponya mtanda m'madzi, ndipo anyamata a zaka 16 mpaka 18 amadumphira kukausaka. Pa dziwe lomweli pamabweranso nyama zikuluzikulu za m'madzi zotchedwa manatee zofuna madzi ofunda.

Bambo a ku Moatize:
Aphunzitsi anena zoona, koma tsiku limenelo musadzayerekeze kulowa m'tauni ndi RV, chifukwa anthu amakhala pikitipikiti ndipo misewu ina imatsekedwa. Ngakhale masiku wamba, ndi bwino kuisiya pamalo ake n'kupita kudoko pa galimoto yaing'ono ya mwana wanu. Chiwongolero asiyireni mkamwini, popeza kumeneko amayenda kumanja pamene ife kuno timayenda kumanzere.

Agogo a ku Domwe:
Ine ndikuona mfundo imene abambowa ailumpha. Magalimoto ambiri otere ali ndi chipinda chimodzi chokha chotsekeka, ndipo mabedi enawo amakhala poyera, pafupi ndi khitchini ndi chitseko cha kuchimbudzi. Kodi inu mayi mudzagona bwanji m'menemo pamodzi ndi mkamwini? Malo ena oimikapo magalimotowa amakhalanso ndi tinyumba ta lendi, choncho mwana wanu afunse zimenezo posungitsa malo, kuti anawo adzagone m'galimoto, inu ndi bambo m'kanyumba.

Mayi a ku Ulongwe:
Zikomo nonse. Agogo, nkhani imeneyo ndi imene bambo akunyumba akhala akung'ung'udza chamumtima, ndipo madzulo ano ndimuimbira mwanayo kuti afunse za kanyumbako ndi za malo a sabata ya pa 6 Januwale.