Pansi pa matabwa pachita mabanga, ndipakepo chiyani?

Wofunsa: Abale ndithandizeni, tulo sindikupeza. Nyumba ya lendi, pansi ndi pa matabwa olimba. Pomwe panali mphika wa maluwa pachita banga, pakhomo napo pafwifwa. Maluwawo ndi a mlamu wanga, amathirira ngati ali kudimba, pano akuti sizikuwakhudza. Eni nyumba foni sayankha, koma lendi ikangochedwa amatulukira. Ndipakepo chiyani?

Kalipentala: PALANI PONSE basi. Sandipepa wokhakhala wa nambala 40, kenako osalalirapo 60, 80, 100, motsata ulusi wa thabwa. Mukadumpha nambala mizere idzaonekera mu vanishi. Chigamba chimaoneka nthawi zonse.

Wopenta: Akulu, mukupalitsa musanafunse kuti panapakidwa chiyani? Akakhala matabwa omata magawomagawo aja, olimbawo ndi kachikhungu kapamwamba, makina opalira aboola. Inu ofunsa, banga ndi loyera kapena lakuda? Loyera ndi chinyontho chotsekeredwa mu vanishi. Lakuda ndiye kuti madzi anafika m'thabwa: palani pamenepo, pakani mankhwala oyeretsa thabwa a oxalic acid osungunula m'madzi ofunda, tsukani, paume. Magolovesi ndi chotseka mphuno osaiwala.

Mayi wina: Mlamuyo mumpatse sandipepa m'manja, kkkk. Koma enanu lekani kukolopa matabwa ndi chikolopa chodontha, ndi viniga yemwe.

Kalipentala: Ma acid a chiyani? Makina amachotsa zonsezo.

Wopenta: Banga lakuya mudzapala mpaka kukumba dzenje. Pakhomopo dontezani madzi pang'ono. Akakhala timibulu, vanishi alipo: kwechani pang'ono ndi sandipepa wa 150, chotsani fumbi lonse, pakani vanishi wa polyurethane wopyapyala. Madziwo akalowa, thabwa n'kuda, vanishi watha.

Wina: Ngati pankapakidwa polishi wa phula, polyurethane sagwira, amamatuka. Pukutani pakona ndi nsanza yoyera yoviika mu mineral spirits, mafuta osungunulira penti aja. Ikatenga zamatope zonona, phula lilipo.

Kalipentala: Si ndanena? PALANI. Ndipo wamafuta ndiye vanishi, wamadziyo ndi wa anthu othamanga.

Wopenta: Wamadzi mumabwereza pakatha maola 2 mpaka 4 ndipo sachita chikasu, wamafuta amafuna usiku wonse, kukhwima pafupifupi mwezi. Kungoti ndi wamadzi musakwechere waya wachitsulo, tizidutswa timachita dzimbiri mkatimo. Nsanza za wamafuta muviike m'madzi, zikaunjikana zimayaka zokha.

Wina: Mwatiuza za mlamu, koma banga ndi la mtundu wanji?

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndiye mlamuyo ndiwalipiritse zonse kapena theka?