Ana anga analoweza zonse koma jaji akawadula pakamwa akusowa chonena

Sir a Chemistry:
Aphunzitsi anzanga ndithandizeni nzeru. Ndili ndi gulupu ya ana atatu, apanga sefa ya madzi ya mchenga, makala ndi timiyala m'botolo la pulasitiki ndipo chionetsero cha sayansi kwatsala sabata ziwiri basi. Bolodi ndi lokongola, zokanena analoweza ngati ndakatulo. Ndiye dzulo ndinadzipanga jaji, mtsikana ali mkati mofotokoza ine n'kumudula kuti makalawa mwawaikiranji pansi pa mchenga, aaa mwana anangoti kakasi kenako n'kuyambiranso pa moni. Awiri enawo maso pansi.

Madam a Biology:
Kkkk kuyambiranso pa moni eti. Pepala lolowezalo alandeni Sir. Aliyense afotokoze pulojekiti yonse mu mphindi 2 ndi mawu akeake, lero kwa mwana wa kalasi yapansi, mawa kwa mphunzitsi wa History amene za sefa sazidziwa n'komwe, ndipo womverayo mumuuziretu kuti azidula dala.

A Physics:
Pang'ono ndisiyane nanu Madam, ziganizo ziwiri zoyambira aloweze ndithu, funso lawo ndi zimene apeza, mantha amachepa mwana akayamba bwino. Zotsalazo ayi. Koma taonani fomu ya majaji a ISEF, mpikisano wa sayansi wa ana asukulu wa ku America umene unayamba 1950, pa malikisi 100 bolodi limangotenga 10 pomwe kucheza ndi jaji ndi 25, ndipo ikakhala gulupu amaona ngati aliyense akuimvetsa ntchitoyo osati wolongolola yekhayo. Ife timathera masiku tikudula mapepala amitundumitundu. Funso langa Sir, anawo anayeza chani kwenikweni?

Sir a Chemistry:
Kuyera kwa madzi. Amathira mu chubu mpaka chizindikiro chakuda chapansi chisiye kuoneka n'kulemba masentimita. Pa bolodi alemba kuti sefa ikutulutsa madzi abwino kumwa.

Madam a Biology:
Iii apo ndiye pamene jaji akawagwire pakhosi. Madzi atha kuyera mbee koma bakiteriya wotchedwa E. coli ali momwemo, samaoneka ndi maso ameneyo. Alembe zimene anayezazo basi, kuti litsiro lachepa. Ndipo muwazoloweze kuyankha kuti izi sitinayeze, tikanakhala ndi labu tikanayeza chonchi, jaji sakwiya ndi yankho limenelo, chimene chimamutopetsa ndi mwana wongopeka. Nanga control ilipo? Madzi omwewo osasefa, ongowasiya mu botolo nthawi yofanana, paja matope amadikha okha ndiye popanda zimenezo adziwa bwanji kuti ndi sefa yagwira ntchito

A Maths:
Afunsidwanso kuti munabwereza kangati. Kamodzi sikokwanira, katatu kapena kupitirira ndiye atenge average. Girafu yawo aidziwe, mzere wogona ukuimira chani woimirira chani, mayunitsi ake ati. Kope lolembamo za tsiku ndi tsiku likhale pa tebulo ngakhale lili lofufutafufuta, asalikopere mwatsopano ayi.

A Physics:
Lina limene ana amaliopa ndi loti anakuthandizani ndani. Anene zoona, botolo anatiboolera aphunzitsi kuyeza tinayeza tokha, yatha nkhani.

Sir a Chemistry:
Control sanapange, ndavomera ndinaiphonya ineyo. Lolemba tibwereza zonse katatu ndi botolo losasefa pambali, mawu akumwa aja tichotsa. Chodabwitsa lero ndafunsa mnyamata wosayankhula uja payekha za makala, wandiyankha bwinobwino kuti mchenga uyambe wagwira matope kuti timabowo ta makala tisatsekeke. Sefayo anaimanga ndi iyeyo kani. Madam Lachinayi masana mungapezeke mudzakhale jaji? Inuyo sakuzolowerani.

Madam a Biology:
Ndibwera, koma musawauze kuti ndine.